Orton Chirwa ndi Mabwalo a Milandu

Kale, Azungu asanafike m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, milandu inkakambidwa pa bwalo la mfumu. Wodandaula ankadza ndi nkhoswe yake, woimbidwa mlandu nayenso ndi yake, ndipo akuluakulu ankamva mbali zonse ziwiri asanagamule. Munthu sankaima yekha pa bwalo, pakuti makolo athu anadziwa kuti wogwidwa ndi mantha amasowa mawu, chinkana akhale wosalakwa.

M'chaka cha 1933 Boma la Azungu linavomereza mabwalo a mafumu aakulu, monga la Chiwere ku Dowa, kuti aziweruza milandu ing'onoing'ono. Milandu yokulirapo inkapita ku Boma kwa Bwana Disi, ndipo ya kupha munthu inkapita ku Bwalo Lalikulu, limene likulu lake linali ku Blantyre. M'mabwalo a Bomawa munali dongosolo lachilendo. Wozenga mlandu sanali mwini dandaulo ai, koma Boma. Kwa Disi wapolisi ndiye ankaimira Boma, ndipo ku Bwalo Lalikulu ankaimira ndi loya wa Boma, Mzungu. Ntchito yake inali kuitana mboni ndi kuonetsa poyera kuti munthuyo walakwadi. Akalephera, lamulo linkati womangidwayo amasulidwe.

Lamulolo linali labwino, koma linkayenda ndi mwendo umodzi. Taganizani mlimi wa fodya wochokera ku Mponela ataima pamaso pa jaji. Zonse zikulankhulidwa m'Chingerezi, iye akungomva za womasulira. Boma lili ndi loya wodziwa mabuku, iye alibe womuuza kuti funso ili ndi msampha. Maloya analipo, Azungu ndi Amwenye, koma mtengo wawo sunali wa munthu wa kumudzi. Kufikira chaka cha 1958 panalibe mwana wa dziko lino ndi mmodzi yemwe amene anali loya wa m'bwalo.

Woyamba anali Orton Edgar Ching'oli Chirwa. Iye anabadwa m'chaka cha 1919 m'dera la Nkhata Bay, naphunzira kufikira ku Fort Hare ku South Africa, nagwira ntchito ya uphunzitsi. Ali wamkulu kale ndi wapabanja anapita ku London kukaphunzira malamulo pa Lincoln's Inn, imodzi mwa nyumba zinai zakale zimene zimalola munthu kulankhula m'mabwalo aakulu a ku Mangalande. Kumeneko wophunzira ankayenera kupambana mayeso ndiponso kudya ndi akuluakulu a nyumbayo masiku oikika, kuti aphunzire makhalidwe a ntchitoyo. M'chaka cha 1958 Chirwa anavala mkanjo wakuda wa uloya, nabwerera kwao.

Anafika dziko lili pa moto. Anthu ankakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba mu 1953. Kumidzi nako mitima inali yowawa chifukwa cha malamulo a malimidwe: wosakonza mizere ndi migula monga analamulira alangizi ankalipitsidwa pa bwalo la mfumu, ena mpaka kulowa ndende. Motero anthu anayamba kuona bwalo ngati chikwapu cha Boma. Loya watsopanoyo sanakhale mbali ya ozenga milandu. Anasankha kuima ndi ozengedwa, nakhala mlangizi wa malamulo wa Nyasaland African Congress.

Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analetsa Congress. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuwazenga mlandu, ndipo ku Nkhata Bay, kwao kwa Chirwa, asilikali anaombera anthu osachepera 20. Chirwa nayenso anamangidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera. Atatuluka anaona kuti lamulo laletsa chipani chakale, koma silinaletse kuyamba china. Tsono pa 30 September 1959 iye ndi Aleke Banda ndi anzao anayambitsa Malawi Congress Party, iye nakhala mtsogoleri woyamba. Dr. Kamuzu Banda atamasulidwa ku ndende ya Gwelo mu April 1960, Chirwa anamsiyira mpandowo.

Atatha masankho a 1961, Chirwa analowa mu unduna wa zachilungamo. Ntchito yake yaikulu inali lamulo la 1962 limene linachotsa kuweruza m'manja mwa mafumu ndi kuika apampando osankhidwa ndi Boma. Ganizo lake linali lakuti munthu mmodzi asakhale wosonkhetsa msonkho, wolamula za malimidwe ndi woweruza yemwe. Mafumu ambiri sanakondwe, ndipo ena anadandaula kuti mipando yagwera anthu a chipani. Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Chirwa anali nduna ya zachilungamo ndi mkulu wa maloya a Boma. Mwamuna amene anayamba ndi kuteteza omangidwa tsopano anakhala mbali ya Boma, zaka zisanu ndi chimodzi zokha chivalire mkanjo.

Mpandowo sanaukhalitse. Mu September 1964 nduna zinasemphana ndi Dr. Banda, Chirwa nachotsedwa, nathawira ku Tanzania. Iye atachoka, lamulo la 1969 linapatsa mabwalo a miyambo mphamvu yoweruza ndi milandu ya kupha yomwe, ndipo pambuyo pake ya kuukira Boma. M'mabwalo amenewa loya sankaloledwa kuimira munthu. Dzina linali la miyambo, koma mwambo wa nkhoswe munalibe.

Pa 24 December 1981 Chirwa ndi mkazi wake anagwidwa cha ku malire a Zambia. Anawazenga mlandu wa kuukira Boma m'bwalo la miyambo ku Blantyre, ndipo maloya awiriwo, pakuti Vera nayenso anali atakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino, anadziyankhira okha. Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, koma mu 1984 chilango chinasanduka ndende ya moyo wonse. Chirwa anafera m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992, ndipo Vera anamasulidwa mu January 1993.

Akuluakulu anati mlandu suola. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anabwezera munthu aliyense woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi loya, wodziwa chimene akumzengera, ndi woyesedwa wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa. Inu amene mwaphunzira kuwerenga, gwiritsani nzeruyo. Chikalata cha samani chikafika pakhomo panu, chiwerengeni nokha, musasindikize chala pa pepala limene simunalimve, ndipo mukaima pa bwalo funsani wokuimirani. Wozenga mlandu ali ndi ntchito yake yoyenera, koma chilungamo chimaoneka pamene mbali zonse ziwiri zili ndi pakamwa.