Nyumba ya Kumudzi ku America: Chifukwa Chake Ena Amathaŵa Bungwe la Eni Nyumba

Lero tioloka nyanja kupita ku America, kumene otsatsa nyumba za kumidzi amakonda kulemba monyadira kuti pamalo awo palibe bungwe la eni nyumba. Kwa ife mau ameneŵa ndi odabwitsa. Wamalonda anganyadire bwanji kusoŵa kwa bungwe?

Bungweli, limene eni dziko amalitchula mwachidule kuti HOA, munthu saloŵamo mwa kufuna kwake. Malamulo ake amamangiriridwa ku chikalata cha umwini wa malo, kotero kuti wogula nyumba wagula ndi malamulo omwe. Amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo komiti ya anansi ake ingathe kumsankhira utoto wopaka pakhomo, kumdzudzula kapinga akatalika, kapena kumletsa kuŵeta nkhuku. Akalephera kusonkha, m'zigawo zambiri bungwe lili ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo. Mu 2001 mayi wina wamasiye wa zaka 82 wa ku Houston anatulutsidwa m'nyumba yake chifukwa cha ngongole yosafika madola 1,000, ndipo anaibwezeredwa pokhapokha nkhani yake itamveka ponseponse.

Chiyambi chake chinali cha anthu achuma. Mu 1831 Samuel Ruggles anakonza bwalo la mitengo la Gramercy Park mu mzinda wa New York, nalamula kuti likhale la eni nyumba zolizungulira okha. Mpaka lero chipata chake chimatsegulidwa ndi kiyi. Mu 1844 eni nyumba a ku Louisburg Square, mu mzinda wa Boston, anapangana zosamalira bwalo lawo pamodzi. Koma amene anasandutsa mwambowu kukhala malonda enieni ndi J. C. Nichols wa ku Kansas City. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 iye ankati akamanga mudzi watsopano, n'kusiyamo bungwe loti lizisunga malamulo ake iye atachoka.

Tsono malamulowo sanali a utoto ndi kapinga wokha. M'zikalata zambiri za nthaŵi imeneyo munali mau oletsa kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda, kwa Myuda, kapena kwa wochokera ku Asia. Nthambi ya boma yothandiza pa ngongole za nyumba, imene inakhazikitsidwa mu 1934, inalimbikitsa mau oterewo m'buku lake la malangizo, poti ati kusakaniza mitundu kumagwetsa mtengo wa nyumba. Ku Levittown, kumene William Levitt anayamba kumanga mu 1947 nafikitsa nyumba zoposa 17,000, makamaka za asilikali obwera ku nkhondo, munali lamulo loletsa mipanda, loletsa kuyanika zovala pabwalo Loŵeruka ndi Lamulungu, ndi lina loti okhalamo akhale Azungu okha. Msilikali wakuda amene anamenya nawo nkhondo yomweyo analibe malo m'menemo. Mu 1948, pa mlandu wa Shelley ndi Kraemer wochokera ku St. Louis, bwalo lalikulu la milandu linaŵeruza kuti makhoti asamakakamize mapangano a tsankho. Lamulo loletseratu tsankho pa malonda a nyumba linadikira mpaka 1968.

Tsankho litathetsedwa pa pepala, munthu akanayembekeza kuti mabungwewo azilala. Koma ndiyo nthaŵi imene anachuluka. Mu 1970 analipo pafupifupi 10,000; lero apitirira 350,000, ndipo anthu oposa 70 miliyoni akukhala pansi pa ulamuliro wawo. Chinaŵachulukitsa ndi ndalama. Makhonsolo anaona kuti womanga mudzi akakhazikitsa bungwe, misewu, ngalande ndi nyale za mumsewu zimalipiridwa ndi eni nyumba, pamene msonkho wa malo ukuloŵabe m'thumba la khonsolo. Anthu a ku California atavota mu 1978 kuchepetsa msonkho wa malo, makhonsolo anasauka, ndipo njira imeneyi inaŵakomera koposa.

Ndiye chifukwa chake amene sakufuna bungwe kaŵirikaŵiri amayang'ana kumidzi, kutali ndi midzi yatsopano yozungulira mizinda. Kumeneko amakumana ndi loto lakale la dzikolo. Mu 1862 Abraham Lincoln anasaina lamulo lopatsa munthu maekala 160 ngati amangapo, kulimapo ndi kukhalapo zaka zisanu. Tisaiŵale kuti malo ogaŵidwawo anali atalandidwa kwa eni nthaka amene Azungu anaŵapeza. Komabe chithunzi cha munthu woima yekha pa munda wake, wosayankha kwa aliyense, chinakhazikika m'mitima ya anthu, ndipo otsatsa nyumba akugulitsabe chithunzi chomwecho.

Chimene otsatsawo satchula ndi katundu amene wogula amasenza. Mipope ya khonsolo sifika. Madzi ndi a chitsime chake, ndipo kuyezetsa madziwo ndi udindo wake. Zonyansa zimapita m'thanki yokwiriridwa pansi, imene ikaonongeka ndalama zake zimaŵaŵa. Moto ukabuka, ozimitsa ake nthaŵi zambiri ndi anthu ongodzipereka ochokera kutali, ndipo a inshuwalansi amaŵerengera mtundawo pa mtengo wawo. Mnansi akayamba kuŵeta nkhumba, palibe komiti yokadandaulako, ndipo zigawo zonse 50 zili ndi malamulo oteteza mlimi kwa wobwera amene wanyansidwa ndi fungo. Kumadera monga Texas ndi Oklahoma, munthu angagule nthaka koma mafuta a pansi pake ali a wina, amene ali ndi ufulu wodzakumba. Ndiponso kusoŵa kwa bungwe sikutanthauza kusoŵa kwa malamulo: malamulo a khonsolo alipobe, ndipo chikalata chakale chingakhale ndi zoletsa zimene mwini woyamba anasiya.

Chochititsa chidwi n'chakuti anthu a kumidziwo sanakhalepo opanda mabungwe konse. Pakati pa zaka za m'ma 1930, munda umodzi wokha mwa khumi ndiwo unali ndi magetsi, chifukwa makampani ankaona kuti kukoka mawaya kutali n'kutaya ndalama. Boma la Franklin Roosevelt litayamba kupereka ngongole mu 1935, alimi anapanga makopaletivi awo, nadzikokera mawaya okha. Ambiri mwa makopaletiviwo akugwirabe ntchito, ndipo wothaŵa bungwe la mumzinda angadzipeze ali membala wa limeneli tsiku limene wayatsa nyale.

Koma mkangano waukulu umakhala pa msewu. Nyumba zambiri za kumidzi zili kumapeto kwa kanjira ka miyala kamene si ka boma, kodutsa m'minda ya ena. Kuno kwathu nkhani ya njira timapita nayo kwa amfumu; kumeneko mfumu kulibe, chilipo ndi pepala. Ngati ufulu wodutsa sunalembedwe ndi kusungidwa ku ofesi ya za malo, wogula angapeze chipata chokhoma, ndipo adzafunika loya. Ngati palibe pangano la kukonza msewu, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi amayang'anizana chipale chofeŵa chikatseka njira, aliyense kudikira kuti mnzake atulutse thalakitala. Pa ngongole zina, banki imakana kutulutsa ndalama mpaka wogula ataonetsa pangano lotere, losainidwa ndi anansi ogwiritsa ntchito msewuwo, lonena amene adzathira miyala, amene adzachotsa chipale, ndi gawo la ndalama la banja lililonse.