Ndani Wakhala Akusamala Okalamba ku Chintheche? Mbiri ya Zaka 140

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposerapo. Ambiri mwa iwo ali kumudzi, alibe penshoni, ndipo pa mzere wa kuchipatala amafika mochedwa chifukwa miyendo siyithamanganso. Anthu ambiri amati m'Malawi agogo amasamalidwa ndi abale awo. Mbiri ya Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, ikuonetsa kuti chisamaliro cha pabanjachi chakhala chikudalira zinthu zimene zimasintha: kumene amuna akugwira ntchito, ndalama zimene akutumiza, ndi amene watsala pakhomo.

Mankhwala achizungu afika ku Bandawe

Mu 1881, Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia adachoka ku Cape Maclear, kumene malungo adawathera anthu, n'kudzakhazikika ku Bandawe, kummwera kwa Chintheche. Laws anali dokotala, choncho Atonga a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la anthu oyamba m'dziko muno kulandira mankhwala achizungu. Likulu la mishoni lidasamukira ku Khondowe mu 1894, koma Bandawe idapitiriza ntchito.

Chimene chidasintha kwambiri moyo wa okalamba sichinali mankhwalawo, koma sukulu. Mishoni idaika mtima pa ana ndi achinyamata. Mnyamata wodziwa kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi ankapeza ntchito ya ukalaliki kapena ukapitawo kutali ndi kwawo, ndipo msonkho wa boma la atsamunda unkafuna ndalama zimene chinangwa ndi usipa sizikanabweretsa. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi chabe mwa zikwi zimene zidatsata njira imeneyi.

Mudzi ngati penshoni

Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Jaap van Velsen, adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, ndipo adalemba buku lotchedwa The Politics of Kinship lomwe lidatuluka mu 1964. Iye adapeza kuti pa nthawi iliyonse amuna oposa theka anali kunja, ku Rhodesia kapena ku Joni. Komabe midzi sinathe. Amayi ankalima chinangwa, ndipo amuna ankatumiza ndalama ndi zovala, n'kumatsata nkhani za maukwati, maliro ndi ufumu ali kutali.

Chifukwa chake chinali chomveka. Kumigodi ndi m'mafamu, mlendo wochokera ku Nyasaland analibe malo akeake kapena chiyembekezo cha penshoni yomusunga. Mphamvu zikatha, abwana ankamubweza kwawo. Munthu ankatumiza ndalama kuti asunge dzina lake pamudzi, podziwa kuti tsiku lina adzafuna munda, nyumba ndi womuphikira kondowole. Ulemu wa muukalamba unkasungidwa munthu akadali mnyamata.

Dongosololi linali ndi ming'alu yake. Ena ankapita osabwereranso, amene ankatchedwa matchona, ndipo makolo awo ankakalamba opanda wowatumizira kanthu. Ena ankabwera chimanjamanja, chifuwa chitawonongeka ndi fumbi la mumgodi kapena TB, n'kukhala katundu wa mlongo amene iwo sanamuthandizepo.

Njira ya ku Joni itsekeka, Edzi ifika

Mu Epulo 1974, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito yakumigodi. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba, koma idatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi HIV. Amene akupita ku South Africa masiku ano ambiri amagwira maganyu opanda mgwirizano wolembedwa, ndipo ndalama zimabwera mwa apo ndi apo.

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, koma boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse mu 2004. M'zaka zapakatizi chisamaliro chidatembenuka. Agogo amene ankayembekeza kusamalidwa adadwazika ana awo, kuwaika m'manda, n'kuyambanso kulera zidzukulu. Magulu a anthu odzipereka osamalira odwala kunyumba adakula m'nthawi imeneyi, koma maso awo anali pa wodwala ndi pa mwana wamasiye. Agogo ankalembedwa ngati womuyang'anira wodwala, osati ngati munthu wofunika kupimidwa naye.

Ntchito ya alangizi a zaumoyo idayendanso chimodzimodzi. Idayamba ndi katemera wa nthomba, idakula ndi mliri wa kolera wa 1973, kenako idakhazikika pa sikelo ya ana, katemera, uchembere ndi ukhondo. Zonsezi zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma matenda a ukalamba adatsalira kunja kwa kaundula. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa. Opitirira zaka 64 sanali nawo m'kafukufukuyo.

Boma liyamba kulowererapo

Mtukula Pakhomo adayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 adafika m'maboma onse. Thandizoli limapita ku mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, kotero okalamba ambiri amalowamo, koma si penshoni ya wokalamba aliyense. Lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 linkakhudza olembedwa ntchito. Msodzi wa ku Chintheche ndi mayi wogulitsa usipa silinkawafika. Ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba idatuluka mu 2016, chaka chimene agogo anayi adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Bungwe la MANEPO ndi ena adalimbikira mpaka Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024.

Zimene wazaumoyo angatengepo

Lamulo lalembedwa ku Lilongwe, koma ulemu umaoneka pa benchi ya chipatala cha Chintheche ndi pakhonde la nyumba ya agogo. Mbiriyi ikusiya mfundo zingapo.

Choyamba, mawu akuti "ali ndi abale" si yankho. Mlangizi afunse kuti amatunga madzi ndani, amaphika ndani, ndipo ndalama yomaliza idabwera liti. Agogo amene ali ndi ana atatu ku Johannesburg akhoza kugona ndi njala.

Chachiwiri, bambo wachikulire wa chifuwa chosatha afunsidwe ngati adagwirapo kumgodi. Fumbi la mumgodi wa golide limawononga mapapo kwa moyo wonse ndipo limapatsa mpata TB. Bungwe la Tshiamiso Trust ku South Africa limalipira chipepeso kwa ena amene adagwira m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, choncho makalata akale a Theba asatayidwe.

Chachitatu, ukalamba si dzina la matenda. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi ng'ala zili ndi thandizo. Agogo amene ayamba kuiwalaiwala, kusochera usiku kapena kulankhula zosamveka akhoza kukhala ndi matenda a ubongo. Wazaumoyo akafotokozera banja ndi mfumu msanga, mphekesera ya ufiti imasowa poyambira. Okalamba akhozanso kukhala ndi HIV, ndipo ambiri amene adayamba ma ARV mu 2004 tsopano ali ndi imvi.

Chachinayi, wodwala ndi agogowo, osati mdzukulu amene wawaperekeza. Alankhulidwe iwo eni, pang'onopang'ono, moyang'anana nawo. Ambiri ku Chintheche amamasuka m'Chitonga, wazaumoyo wochokera kwina akayamba ndi "Mwe uli, ama?" kapena "ada", watsegula kale khomo. Povula kuti apimidwe, chitseko chitsekedwe ndipo apemphedwe chilolezo. Mankhwala afotokozedwe ndi zizindikiro zimene maso ofooka angaone, ndipo zonse zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala.

Kwa zaka zoposa 100, olemba ntchito ndi maboma ankaganiza kuti mudzi udzasamala okalamba popanda woulipira. Katunduyo adamusenza kwambiri ndi amayi, ndipo ambiri mwa amayiwo ndiwo akalamba lero. Kaundula wa mlangizi aliyense ali ndi mayina a ana osakwana zaka zisanu a m'dera lake. Kulembamonso mayina a onse opitirira zaka 60, n'kuwayendera, ndi poyambira pamene sipafuna ndalama zambiri.