Kutchera si kugwira

Wowerenga wina wafunsa ngati n'kolondola kunena kuti "ndatchera nkhandwe" pamene waigwira kale. Ayi ndithu. Kutchera ndi kuika msampha pamalo n'kuukonza kuti ufwamphuke nyama ikaugunda. Mawuwa achokera ku "kutcha", monga timanenera kuti kutcha diwa. Munthu amatchera, msampha ndiye umakola, ndipo nthawi zambiri sukola kanthu.

Tinene kuti nkhandwe yazolowera kulowa m'khola usiku. Mwini nkhuku amafufuza mapazi ake, n'kuika msampha pampata pomwe imalowera, nyambo yake matumbo a nkhuku. Apo watchera. Kukacha akapeza nyambo yadyedwa koma msampha uli chitcherere, asadzitame, pajatu nkhandwe ndi yochenjera.

Ku America alimi a nkhosa amatchera coyote, chilombo chokulirapo chofanana ndi nkhandwe, ndi misampha yachitsulo yopana mwendo. Amaikwirira m'dothi, atavala magolovesi kuti fungo la munthu lisatsalepo, ndipo m'madera ambiri otchera amafunika chiphaso cha boma. Kwathu kuno kutchera makhwekhwe a waya m'nkhalango yotetezedwa ngati ya Liwonde ndi mlandu wopita nawo kundende.