Lamulo la Admiral Pound: Inu Mukanatani?

Anzanga, tangoganizani kuti ndinu mkulu wa asilikali onse apamadzi a Britain. Ndi madzulo a pa 4 Julayi 1942, muli mu ofesi ku London. Kutali kumpoto, panyanja yozizira ya Arctic, mdipiti wa sitima zanu wotchedwa PQ 17 wanyamula akasinja, ndege ndi galimoto, ulendo wa ku Arkhangelsk kukathandiza Soviet Union kulimbana ndi Germany. Ndiye mwamva kuti chisitima chankhondo cha Germany chotchedwa Tirpitz chafika kumpoto kwa Norway, pafupi ndi njira yanu. Kodi chanyamuka kale kudzakuthirani nkhondo? Palibe akudziwa bwinobwino.

Amene anali pampando umenewu ndi Admiral Dudley Pound. Anafunsa Norman Denning, katswiri wake wofufuza mayendedwe a adani. Denning ankakhulupirira kuti Tirpitz ikadali padoko, koma umboni wogwirika analibe. Cha m'ma 9 koloko usiku, Pound analamula kuti sitima zikuluzikulu zoperekeza zibwerere, ndipo zamalondazo zibalalike, iliyonse idziwonere yokha njira.

Pomwe Tirpitz inali isanasunthe n'komwe! Inatuluka mawa lake, n'kubwerera osawombera ngakhale kamodzi. Ntchito inagwiridwa ndi ndege komanso sitima zoyenda pansi pa madzi. Nyengo imeneyo dzuwa sililowa kumeneko, ndiye mdima wobisalamo kunalibe. Mwa sitima 35, zokwana 24 zinamizidwa, 11 zokha ndi zomwe zinafika. Amalinyero 153 anataya miyoyo.

Tsono timuweruze bwanji munthuyu? Musathamangire kumunena kuti anali wamantha. Ife tikudziwa mathero a nkhaniyi, iye sankawadziwa. Tirpitz ikanapeza sitimazo zili pamodzi, bwenzi itazimaliza. Mantha akewo anali ndi chifukwa.

Koma kulakwa kulipo ndithu. Anataya chitetezo chomwe anali nacho m'manja pothawa mdani amene sanaoneke. Anakankhira pambali maganizo a katswiri wake, chonsecho wakutsina khutu ndi mnansi. Komanso analamula ali kutali osafotokoza bwino, moti akuluakulu omwe anali panyanjapo anangoti basi, Tirpitz yafika, ndipo sitima zina zoteteza zinatsatira zinzake kukonzekera nkhondo yomwe kunalibe.

Choncho poweruza mtsogoleri, musangowerenga zomwe zinatayika. Funsani kuti panthawiyo ankadziwa chiyani, anamvera ndani, nanga amene anawatuma anawauza zokwanira? Nanga inu, usiku umene uja, mukanalamula zotani? Tiuzeni.