Stefan Banach ndi Maziko a Masamu Atsopano

Mvula imene igwa ku Lundazi m'caka cimodzi ikhoza kujambulidwa pa pepala monga mzere wokwera ndi kutsika, tsiku liri lonse ndi muyeso wace. Caka cina cidzakhala ndi mzere wacenso. Kodi nkotheka kunena mtunda uli pakati pa mizere iwiriyi, monga tinena mtunda wa pakati pa midzi iwiri? Funso lotere ndilo linabala nthambi ya masamu yochedwa functional analysis.

M'caka ca 1887 Vito Volterra wa ku Italy anayamba kuwerengera mzere wathunthu monga cinthu cimodzi. Mu 1906 Maurice Fréchet wa ku France anaonetsa kuti mtunda ukhoza kuyesedwa pakati pa zinthu ziri zonse, pokhapo malamulo ace akhale omveka. David Hilbert nayenso anagwirapo nchito ku Göttingen. Koma amene anamanga zonsezi pa maziko amodzi ndiye Stefan Banach, wobadwira ku Kraków mu 1892. Mu 1916 Hugo Steinhaus anamumva alikukamba za masamu akuya m'munda wa mzindawo, nakhala bwenzi lace.

M'zolemba zace za mu 1920, zosindikizidwa mu 1922, Banach anaika malamulo ocepa. Zinthuzo ziyenera kuphatikizika ndi kucurukitsika. Ciri conse cikhale ndi utali, ndipo cosowa utali cikhale ziro yekha. Cocurukitsidwa kawiri citalike kawiri. Njira yolambalala isafupike kuposa yolunjika, monga munthu wocoka ku Lundazi kunka ku Chipata safupikitsa ulendo podzera ku Mzimba. Lamulo lotsiriza nlakuti pasakhale mipata: zinthu zikamayandikizana kosaleka, pakhale cina cimene zirikufikako. Mphamvu yace ndi iyi: coonadi cotsimikizidwa kamodzi pa maziko awa cigwira nchito paliponse pamene malamulowo asungidwa. Buku lace lalikuru linaturuka mu 1932.

Ku Lwów, kumene tsopano kuchedwa Lviv, Banach ndi anzace anali kusonkhana m'nyumba ya khofi. Kuyambira 1935 analemba mafunso ao m'buku limodzi, nalonjeza mphotho kwa woyankha. Mu 1936 Stanisław Mazur analonjeza tsekwe wamoyo. Tsekweyo anamlandira Per Enflo wa ku Sweden mu 1972, patapita zaka 36.

Nkhondo inabalalitsa gulu lija. Ajeremani atalanda Lwów mu 1941 anapha aphunzitsi ambiri. Banach anapulumuka mwa kudyetsa nsabwe ndi mwazi wace m'nyumba ya Rudolf Weigl yopangira katemera wa typhus. Pa zaka zomwezo anthu ena a ku Poland, othawa nkhondo, anasungidwa ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata. Banach anamwalira pa 31 August 1945, ali ndi zaka 53, koma akatswiri a masamu a m'maiko onse akali kumanga pa malamulo ace aja.