Kuyabwa Kosatherapo kwa Malo Otulukira Chimbudzi: Zoyambitsa Zake ndi Chithandizo Chake

Kuyabwa kwa malo otulukira chimbudzi ndi vuto limene anthu ambiri amavutika nalo mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Madokotala amalitchula kuti pruritus ani, ndipo amayerekezera kuti limagwira munthu mmodzi mpaka anthu 5 mwa anthu 100 alionse. Limagwira ana ndi akulu omwe, koma pakati pa akulu limapezeka kwambiri mwa amuna azaka zapakati pa 40 ndi 60. Likakhalitsa limasowetsa tulo, limasowetsa mtendere pagulu, ndipo limabweretsa zilonda.

Kuyabwaku si matenda paokha ayi, koma ndi chizindikiro chakuti pali chinachake chimene chikuvutitsa khungu la pamalopo. Kawirikawiri chinthucho chimakhala chaching'ono ndiponso chochizika. Chofunika ndi kuchipeza, kenako n'kulipatsa khungulo mpata woti lipole. Kupakapo mankhwala osiyanasiyana musanadziwe gwero la vutolo nthawi zambiri kumangowonjezera kuyabwako.

Chifukwa chake kuyabwa kumakhalitsa

Khungu lozungulira malo otulukira chimbudzi ndi lopyapyala, lili ndi makwinya, ndipo limakhala lofunda komanso lachinyezi. Mukakanda mumamva bwino kwa kanthawi, koma zikhadabo zimasiya timikwingwirima tosaoneka ndi maso. Thukuta ndi zotsalira za chimbudzi zikalowa m'timikwingwirimato, khungu limatupa ndipo kuyabwa kumabweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Pamenepo mumakandanso. Zikapitirira kwa milungu ingapo, khungu limakhuthala, limatuwa ndipo limang'ambika mosavuta, mwakuti kuyabwa kumapitirira ngakhale chimene chinayambitsa chitatha kale. Anthu ambiri amakanda ali m'tulo osadziwa, n'chifukwa chake vutoli limakula usiku.

Zimene zimayambitsa kuyabwa

Chinyezi ndi zotsalira za chimbudzi. Ichi ndicho chifukwa chofala kwambiri mwa akulu. Chimbudzi chikakhala chofewa kwambiri, kapena munthu akamatsegula m'mimba pafupipafupi, kachimbudzi pang'ono kamatsalira m'makwinya a khungu, mwinanso kamatuluka kokha pakapita nthawi munthu atadzipukuta kale. Thukuta la nyengo yotentha, kunenepa kwambiri, kukhala pansi nthawi yaitali monga amachitira oyendetsa magalimoto ndi njinga, komanso kabudula wamkati wothina wa nayiloni, zonsezi zimasunga chinyezi pamalopo.

Kutsuka kopitirira muyeso. Ambiri akayamba kumva kuyabwa amaganiza kuti ndi uve, ndipo amayamba kukwecha ndi sopo kangapo patsiku. Sopo amachotsa mafuta achilengedwe amene amateteza khungu. Sopo wonunkhira, sopo wochapira zovala, mankhwala ophera majeremusi othira m'madzi osamba, ndiponso timapepala tonyowa topukutira, zingathe kuwotcha khungu. Kudzipukuta ndi nyuzipepala, masamba kapena zitsononkho kumakalanso khungu.

Tinyongolotsi ta m'matumbo. Mwa ana, choyambitsa chachikulu ndi tinyongolotsi toyera tooneka ngati tizidutswa ta ulusi, totchedwa Enterobius vermicularis. Tatikazi timatalika mamilimita 8 mpaka 13. Usiku timatuluka m'matumbo n'kuikira mazira pakhungu la kunja, ndipo zimenezi ndizo zimayabwitsa. Mwana akakanda, mazirawo amalowa m'zikhadabo, kenako amafika m'kamwa mwake kapena mwa ena. Mazirawa angakhale ndi moyo pa zofunda, zovala ndi zoseweretsa kwa milungu iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake tinyongolotsiti timafalikira mosavuta m'banja ndi m'sukulu zogonera komweko, ndipo akulu nawonso amatenga.

Matenda a mudzi ndi ming'alu. Mudzi ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'njira ya chimbudzi. Umatulutsa kachinyezi kotelera ndipo umapangitsa kuti kudzipukuta bwino kukhale kovuta. Umakonda kubwera chifukwa cha kudzimbidwa, kudzikakamiza pochita chimbudzi, komanso pa nthawi ya pakati. Chimbudzi cholimba chingang'ambenso khungu la pakhomo n'kusiya kamng'alu kamene kamapweteka ngati kuchekedwa ndi lumo pochita chimbudzi, kenako n'kumayabwa.

Mafangasi. Tizilombo ta mtundu wa fangasi, makamaka Candida, timakonda malo ofunda ndi achinyezi. Khungu limafiira kwambiri ndipo m'mbali mwake mumatuluka titsabola tofiira. Vutoli limachuluka mwa anthu odwala shuga, amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika monga chifukwa cha HIV, ndi amene angomaliza kumwa maantibayotiki. Mwa amayi, chikazi chochuluka chobwera ndi mauka chingafikenso kumbuyo n'kuyabwitsa. Zipere za m'mphechepeche nazonso zimatha kufalikira mpaka kumatako.

Matenda a pakhungu. Mphere zimayabwa kwambiri usiku ndipo zimaonekanso pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, kawirikawiri mwa anthu angapo m'nyumba imodzi. Matenda ena monga eczema ndi psoriasis amagwiranso malo amenewa. Mwa amayi amene anasiya kusamba, khungu loyera mbuu ndi lopyapyala kuzungulira maliseche ndi kumbuyo lingakhale chizindikiro cha matenda otchedwa lichen sclerosus, amene amafunika kuonedwa ndi dokotala.

Matenda opatsirana pogonana. Njerewere zoyambitsidwa ndi kachilombo ka HPV, matuza a herpes, chinzonono ndi chindoko zingagwire malo otulukira chimbudzi n'kubweretsa kuyabwa, zilonda kapena mafinya.

Zakudya ndi zakumwa. Mwa anthu ena kuyabwa kumakula akamwa khofi, tiyi, mowa kapena zakumwa za kola, kapenanso akadya tsabola, tomato, chokoleti, malalanje ndi mandimu. Sikuti aliyense zimamuvuta, choncho musasiye zonse nthawi imodzi. Siyani chimodzi kwa milungu iwiri muone ngati pali kusintha.

Nthawi zina, ngakhale dokotala atayeza zonse, palibe matenda amene amapezeka. Zikatero musataye mtima, pakuti kusamalira khungu m'njira yoyenera kumathandizabe anthu ambiri otere.

Zimene mungachite kunyumba

Mfundo zake ndi zitatu: pamalopo pakhale poyera, pakhale pouma, ndipo pasakandidwe.

Mukachita chimbudzi, tsukani ndi madzi aukhondo okha, ozizira kapena ofunda pang'ono, popanda sopo. Ngati palibe madzi okwanira, nyowetsani pang'ono pepala lofewa la kuchimbudzi n'kupukuta modekha. Amayi ndi atsikana azipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mukatero sambani m'manja ndi sopo.

Umitsani pamalopo mochita kugunditsa kansalu koyera ndi kofewa, osati mokwecha. Kansaluko kakhale kanu nokha, ndipo kazichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.

Valani kabudula wamkati wa thonje, wosathina, ndipo musinthe tsiku lililonse kapena akanyowa ndi thukuta. Pochapa, tsukuluzani bwinobwino kuti sopo asatsalire m'nsalu.

Khungu likauma, pakani pang'ono mafuta a zinc oxide kapena Vaseline wopanda fungo. Mafutawa amatchinga khungu kuti lisakhudzane ndi chinyezi ndi chimbudzi.

Wengani zikhadabo. Kuyabwa kukakufikani, musakande, koma kanikizani pamalopo ndi dzanja pamwamba pa chovala, kapena ikanipo kansalu konyowetsedwa m'madzi ozizira kwa mphindi zochepa, kenako n'kuumitsa.

Samalani kuti chimbudzi chisalimbe komanso chisakhale chamadzi. Idyani nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, mbatata, ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso, komanso zipatso monga mapapaya ndi nthochi, ndipo muzimwa madzi okwanira. Pitani kuchimbudzi mukangomva kufuna kutero, musadzikakamize, ndipo musakhalitse kumeneko.

Zimenezi zimafuna kupirira. Ambiri amaona kusintha pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, koma khungu limene lakhala likukandidwa kwa miyezi lingatenge milungu ingapo kuti lipole. Pitirizani kutsatira malangizowa ngakhale kuyabwa kutachepa, chifukwa kumabwereranso mosavuta.

Zoyenera kupewa

Musapakepo spiriti, palafini, mandimu, adyo, phulusa, mankhwala otsukira mano, kapena zitsamba zimene simukudziwa mphamvu yake. Zimenezi zimawotcha khungu lomwe lavulala kale. Musathire mankhwala ophera majeremusi m'madzi otsukira pamalopo. Pewani ufa wonunkhira ndi mafuta onunkhira. Musalole munthu wosaphunzira zachipatala kudula, kutema kapena kumanga ndi ulusi chotupa chilichonse cha kumeneko, pakuti mungataye magazi ambiri kapena bala lingalowe tizilombo.

Chenjerani ndi mafuta amphamvu a mtundu wa steroid, monga betamethasone ndi clobetasol, amene amagulitsidwa m'misika ndipo ena amawagwiritsa ntchito poyeretsa khungu. Amaziziritsa kuyabwa msanga, koma akapakidwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, amakulitsa mafangasi, ndipo mukawasiya kuyabwa kumabwerera mwamphamvu.

Mankhwala amene achipatala angakupatseni

Mankhwala amatengera chimene chayambitsa vutolo. A tinyongolotsi ndi mebendazole kapena albendazole, amene amamwedwa kamodzi kenako n'kubwerezedwa pakatha milungu iwiri. Kubwerezaku n'kofunika chifukwa mankhwalawa amapha tinyongolotsi koma osati mazira ake. Onse a m'nyumbamo amwe tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka ziwiri asamwe asanafunse achipatala.

A mafangasi ndi mafuta opaka monga clotrimazole. Mphere zili ndi mankhwala akeake opaka thupi lonse, ndipo banja lonse limayenera kulandira chithandizo. Matenda opatsirana pogonana amafuna kuti inu ndi mnzanu amene mumagona naye muthandizidwe nonse. Mudzi ndi ming'alu nthawi zambiri zimapola chimbudzi chikafewa, ngakhale kuti zina zimafunika chithandizo chapadera.

Ngati khungu latupa koma palibe tizilombo, dokotala angakupatseni mafuta a hydrocortisone a 1 peresenti. Muziwapaka pang'ono, ndipo musapitirire mlungu umodzi kapena iwiri pokhapokha dokotala atanena. Ngati kuyabwa kukukusowetsani tulo, angakupatseninso mapiritsi monga chlorphenamine oti muzimwa usiku. Amenewa amagonetsa, choncho musayendetse galimoto kapena kumwa mowa mutawamwa.

Kwa osamalira ana ndi odwala

Mwana amene ali ndi tinyongolotsi amakanda kumatako usiku, amatembenukatembenuka ndipo sagona bwino. Mtsikana angadandaulenso za kuyabwa kumaliseche. Mungathe kutiona tinyongolotsito mukaunika ndi tochi patapita maola awiri kapena atatu mwanayo atagona. Kuwonjezera pa mankhwala, musambitseni m'mawa uliwonse kuti mazira oikiridwa usiku achoke, muwengeni zikhadabo, ndipo azigona atavala kabudula wamkati. Chapani zofunda ndi zovala zake m'madzi otentha n'kuziyanika padzuwa. Musazikutumule musanazichape, chifukwa mazira amauluka n'kugwera paliponse. Aliyense azisamba m'manja ndi sopo akachokera kuchimbudzi komanso asanadye. Musamukalipire mwanayo, pakuti tinyongolotsiti timapezeka ngakhale m'mabanja aukhondo.

Ngati khungu la mwana lafiira kwambiri kuzungulira pamalopo, likupweteka, ndipo mwanayo akuopa kuchita chimbudzi, mwina ndi mabakiteriya amene amafunika maantibayotiki. Mwana amene ali ndi zilonda, njerewere, mafinya kapena magazi kumeneko apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa makanda, okalamba ndi odwala amene sangathe kudziletsa chimbudzi kapena mkodzo, sinthani thewera kapena nsalu ikangonyowa, tsukani ndi madzi, umitsani, ndipo pakani mafuta otchinga aja. Wodwala wogona azitembenuzidwa maola awiri alionse, ndipo muziyang'ana khungu lake tsiku lililonse.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kuchipatala ngati kuyabwa sikukuchepa pakatha milungu iwiri mukutsatira malangizowa, kapena ngati kukubwerabwera. Musadikire milungu iwiriyo ngati pali chimodzi mwa izi: magazi m'chimbudzi kapena popukuta, chotupa, chilonda chosapola kapena khungu losintha mtundu, mafinya kapena madzi onunkha, ululu waukulu, kutupa ndi kutentha thupi, chimbudzi chotuluka chokha, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa milungu yoposa itatu, kuwonda popanda chifukwa, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena kuyabwa kwa thupi lonse limodzi ndi maso achikasu.

Si kawirikawiri kuti kuyabwa kukhale chizindikiro cha khansa, komabe zimachitika, makamaka mwa anthu achikulire ndi amene ali ndi HIV. Musangoganiza kuti magazi kapena chotupa ndi mudzi musanayezedwe. Khansa ya malo amenewa ikapezeka msanga imachizika bwino kusiyana ndi ikapezeka mochedwa.

Zimene mungayembekezere kuchipatala

Dokotala kapena namwino adzakufunsani kuti kuyabwa kunayamba liti, kumakula nthawi yanji, mumatsuka ndi chiyani, mwapakapo chiyani, ndiponso ngati pali wina kunyumba amene akumva chimodzimodzi. Tengani mankhwala onse amene mwagwiritsa ntchito, achizungu ndi achikuda omwe, kuti awaone. Kenako adzayang'ana khungulo, ndipo mwina adzapima m'kati ndi chala atavala magolovesi. Kupimaku kumatenga kanthawi kochepa, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti pakhale munthu wina m'chipindamo, kapena kuti akuoneni mwamuna kapena mkazi mnzanu ngati alipo. Angakuyezeninso shuga, HIV kapena chimbudzi. Pofufuza mazira a tinyongolotsi, angakupempheni kumata kachidutswa ka selotepi pakhungu m'mawa musanasambe ndiponso musanapite kuchimbudzi, kwa masiku atatu otsatizana, kuti akaunike pa makina.

Achipatala amaona mavuto otere tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi chanu. Ngati mawu akukuvutani, ingonenani kuti, "Ndikumva kuyabwa kotulukira chimbudzi," ndipo iwo adzakufunsani zotsalazo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko: achipatala sangadziwe za vuto lanu pokhapokha inu mutalitchula.