Nyumba ya Carlsberg ndi Chinsinsi cha Yisiti

Pamene J. C. Jacobsen, mwini fakitale ya mowa ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, anakhazikitsa nyumba ya kafukufuku mu 1875, chimene chinkamusowetsa tulo chinali dandaulo lakale la ofulula onse, loti manja ndi omwewo, chimera n'chomwecho, koma lero mowa ukoma, mawa usasa. Mu 1883, m'nyumbayo, Emil Christian Hansen, ataona kuti mtundu wina wa yisiti unkalowerera m'mitsuko mosaitanidwa, anapatula selo limodzi lokha la yisiti yabwino, nalilera mpaka linabala mbumba yosasakanizika. Ndipo Jacobsen, amene tiyenera kumutamanda pa ichi, anagawira ofulula anzake mbewuyo kwaulere. Kampani yomweyi ndiyo inadzamanga fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark.

Ofulula ankafuna yisiti yosasintha. Koma m'nyumba yomweyo, mu 1935, Øjvind Winge anaonetsa kuti kanthuka, kuwonjezera pa kuphuka, kamakwatirananso, maselo awiri naphatikana kukhala limodzi losunga makromozomu awiriawiri. Kuyambira pamenepo yisiti inasanduka mphunzitsi wa akatswiri a zachibadwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa zaka zambiri akatswiri ankawomba yisiti ndi cheza cha X-ray, nasankha maselo ofa msanga, kufikira anapeza majini monga RAD52, amene akasowa selo limalephera kulumikiza DNA yoduka. Pakuti ulusi wa moyowu ukaduka zingwe zake zonse ziwiri, selo limasenga nsonga za podukapo mpaka patsale chingwe chimodzi, puloteni ya Rad51 niichikuta, niichiperekeza kukafunafuna mbale wake wofanana naye, kumene chimakopera mawu otayikawo, monga woluka mphasa amayang'ana mphasa yathunthu pokonza yong'ambika. Jack Szostak ndi anzake analongosola njirayi mu 1983.

Koma chimene chimandigwira mtima ine n'chimene Jeffrey Lemontt anapeza mu 1971: yisiti imene, ngakhale iwombedwe ndi cheza cha UV, chibadwa chake sichinkasintha kwenikweni, chifukwa jini ya REV3 inali itawonongeka. Wina akadayesa kuti imeneyo ndiyo yodala. Komatu inkafa msanga kuposa inzake. Zinadzatsimikizika mu 1996 kuti jiniyo ndi ya wokopera DNA wapadera, amene akafika pachilema pamene wokopera wamasiku onse waima, iye amangolembapo chilembo mongoganizira napitirira, ndipo selo limapulumuka, ngakhale kuti nthawi zina cholakwacho ana ake amachilandira ngati cholowa.

Rad51 ija ilinso m'maselo athu, kumene imaikidwa pachingwe choduka ndi puloteni ya BRCA2. Ndipo m'mabanja amene jini ya BRCA2 ili ndi chilema, khansa ya m'mawere imagwira akazi ambiri akadali ndi mphamvu zawo.